Mayi Adamva za Imfa ya Mwana Wawo Ali Chiimire

Ndisanayambe, ndikupempha kuti mafoni onse agonekedwe chafufumimba pa mabenchi. Inu achimwene a malaya ofiira kumbuyoko, foni yanu ikusuzumira m'thumba. Njira imeneyo ndikuidziwa, pakuti ndidaigwiritsapo ntchito ine ndemwe. Zikomo.

Dzina langa ndine Gadisoni Chalera. Nkhani yanga ambiri mwa inu mudaimvapo, koma mudaimva yopotoka, ndipo ine chinthu chopotoka chimandisowetsa mtendere. Ena amati ndidalengeza imfa ya munthu wamoyo. Si zoona, mnyamatayo adali atamwaliradi. Ena amati ndidajambula kanema uja nditaledzera. Si zoonanso, mowa udabwera pambuyo, ndipo ndiufotokoza pamalo pake. Palinso ena, ondifunira zabwino, amene amati anthu andale adandinyenga. Awa ndiwathokoze, koma nawonso akuphonya. Mu kanema uja mudalibe bodza ngakhale limodzi. Dzina lidali loona, malo adali oona, ziganizo zidali zowongoka. Ine ndidagwa ndi nkhani yoona. N'chifukwa chake ndikuti mutchere khutu, makamaka inu amene mumajambula ndi kumwaza makanema kwinaku mukudzitonthoza kuti, "Ine sindinama."

Ndidaphunzitsa m'sukulu za pulayimale m'boma lino la Mwanza mpaka nditapuma. Pambali pa choko ndidali ndi ntchito ziwiri zimene ndinkanyadira. Yoyamba, mabanja ankandiitana kuti ndikawerenge mbiri ya malemu pamaliro, chifukwa sindinkameza mawu ndipo sindinkasokoneza mayina. Yachiwiri, ndinkatumiza nkhani za kuno ku wayilesi ina ya ku Blantyre. Mkonzi wa kumeneko adali mayi wovuta. Ndikamuimbira ndi nkhani ya ngozi, sankayamba wafunsa kuti afa angati. Ankati, "A Chalera, mayi ake amva?" Ndikati sindikudziwa, ankati, "Ndiye dzina silipita." Zinkandipweteka. Ndinkaona ngati akundiphera nkhani.

Kenaka amalonda adasamukira pa mafoni, ndipo wayilesi idatiuza kuti singathenso kusunga atolankhani a m'maboma. Ndidakhala pakhomo ndi jekete langa.

Apa m'pamene padafikira Tenesi. Tenesi ndi mmodzi mwa anthu aja othandiza madalaivala a mathiraki ndi mapepala a kasitomu pachipata cha m'malire. Adandipeza pakhonde, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mawu anuwa akungowola. Anthu masiku ano samvera, amaonera. Inu muzivala jekete, ine ndizigwira foni."

Ndidayenera kudzifunsa kuti munthu wotanganidwa chotere akundikonderanji mwadzidzidzi. Sindidafunse. Tidapachika nsalu yabuluu kukhoma, ndipo kanema aliyense ndinkamuyamba ndi mawu akuti, "Ndine Chalera, ndipo ndatsimikiza." Anthu adawakonda mawu amenewo. Ana ankandikuwira nawo pamsewu. Posakhalitsa amalonda adabwera: wokhoma mabokosi a maliro, ndi bambo wina wogulitsa mankhwala a m'mabotolo amene ankati amachiza shuga, msana ndi kusowa tulo. Ndidamuwerengera uthenga wake wonse, osalawako ngakhale dontho.

Pambuyo pawo padabwera Bwana. Sinditchula dzina, adali munthu wofuna mpando wa uphungu, ndipo Tenesi adali munthu wake kuyambira pachiyambi, ngakhale ine ndidazindikira mochedwa. Mukudziwa nonse kuti kuno kwathu ndale zimalowera pa bokosi. Amene watumiza galimoto ndi bokosi la maliro msanga ndiye amatchedwa munthu wa anthu. Kale zimenezi ankaziona okhawo amene afika pasiwa. Ndi kanema, dera lonse linkaona, mpaka amene ali ku Joni. Choncho Bwana sankafuna kungothandiza. Ankafuna kuoneka akuthandiza mnzake wopikisana naye asanamve n'komwe kuti kwagwa zovuta. Tenesi adali ndi makutu paliponse, pakati pa madalaivala, akabaza ndi osintha ndalama. Imfa inkafika kwa iye isanafike kwa eni ake.

M'mawa wina, m'nyengo ya manachesi, adalowa osaodira.

"Aphunzitsi, valani jekete. Yohane, dalaivala uja wa kwa mayi Nangozo, thiraki yamugubuduzira kutsidya kwa malire, kupitirira Zobue. Basi, zatha. Bwana atumiza kale pikiapu."

Yohane ndidamuphunzitsa ine. Ankakhala pafupi ndi zenera, ndipo ankajambula magalimoto kumbuyo kwa kope. Tenesi adandipatsa mawu amene adali atalemba pa foni. Ndidawayang'ana monga mphunzitsi. Pamene adalemba kuti "wafa" ndidaika "watisiya". Ndidadula chiganizo chimodzi chachitali kuti chikhale ziwiri. Ndidakonza mawu, abale anga, nkhani sindidaikonze. Komabe funso la mkonzi uja lidandibwerera, ndipo ndidalifunsa.

"Mayi ake amva?"

"Amva pompano," adatero Tenesi. "Tikachedwa, a mbali inayo atidyera."

Ndidakhala patsogolo pa nsalu yabuluu. Ndidatchula dzina la Yohane, mudzi wake ndi dzina la mayi ake. Ndidawerenga uthenga wa wokhoma mabokosi. Ndidatsiriza ndi kuthokoza Bwana chifukwa cha mtima wawo wachifundo. Madzi amene ndidateleka asanawire, kanemayo adali atafika paliponse.

Pamaliro ndidapita ndi jekete lomwelo, pepala la mbiri lili m'thumba, pakuti ndani wina akadawerenga mbiri ya mwana amene ndidamuphunzitsa? Nthawi itakwana ndidadzuka. A Samisoni, mlongo wawo wamkulu wa mayi Nangozo, amenenso ali mwinimbumba, adandigwira mkono wa jekete mosapanga phokoso.

"Aphunzitsi, inu mwalankhula kale. Khalani pansi."

Kuchokera tsiku limenelo palibe banja lidandiitananso. Ine ndidati ndi nsanje. Ndinkauza aliyense wofuna kumva kuti andisonyeze liwu limodzi labodza mu kanema uja. Padalibe wondisonyeza, koma padalibenso wondipatsa mpando. Otsala ondiombera m'manja adali a pa foni, anthu opanda nkhope, ndi a pa mabenchi a mowa pafupi ndi pamene mathiraki amaima. Ndidasankha mabenchi. Ndidayamba ndi botolo limodzi loziziritsa kukhosi ndikatha kujambula. Kenaka lidakhala botolo lowongola mawu ndisanajambule. Kenaka kachasu. Tenesi ankandipatsa nkhani zonyoza munthu wopikisana ndi Bwana, ndipo ndinkaziyamba ndi "ndatsimikiza" ndisanatsimikize kanthu. Bodza lidabwera, inde, koma lidapeza chitseko chili chotsegula kale.

Bwana adagwa pachisankho cha chipulula. Foni ya Tenesi idasiya kuyankhidwa. M'pamene ndidadziwa kuti tsamba la pa intaneti loikapo makanema athu, limene ndinkalitcha langa, lidalembetsedwa m'dzina la Tenesi, ndi kuti adali atapeza kale munthu wina wa jekete.

Tsiku lina masana ndidagwera mu ngalande pafupi ndi mathiraki, ndipo ndidagona momwemo. Wina adandijambula. Adaika pamwamba pake mawu anga akale akuti, "Ndine Chalera, ndipo ndatsimikiza." Kumapeto adaika uthenga wa mankhwala a m'mabotolo aja, amene tsopano ankati amachizanso uchidakwa. Ndili ndi maganizo a amene adachita zimenezo, koma sindidatsimikize, choncho sinditchula. Mwana wanga wamkazi, amene amagwira ntchito ku Blantyre, adamuona kanemayo m'minibasi, pa foni ya munthu wosamudziwa, anthu onse akuseka. Adandiimbira. Sadandikalipire. Adangoti, "Ababa, ndatsika basi isanafike."

Mukadaganiza kuti ndidaphunzira pamenepo. Iyayi. Tenesi adabweranso, akumwetulira ngati palibe chidachitika.

"Aphunzitsi, mwatchuka kuposa kale. Tsopano anthu akufuna kuona mukupepesa. Pitani kwa mayi Nangozo, foni ikhale m'thumba la malaya, diso litulukire pang'ono. Mukagwade. Misozi ikabwera musaibweze. Tibwerera pamwamba."

Ndidavomera. Ndikufuna mumve bwino mawu amenewa: ndidavomera.

Apa ndiyenda pang'onopang'ono.

Mayi Nangozo amakhala kufupi ndi Thambani. Ndidafika chakum'mawa ndisanamwe. Ndidawapeza pabwalo akusankha manachesi, abwino m'dengu limodzi, ofewa m'dengu lina. Adandipatsa kampando. Tidapatsana moni monga mwa mwambo. Ndidakonza kukhosi n'kuyamba mawu amene ndidaloweza m'njira.

"Mayi, ndabwera ndi mtima wosweka kuti…"

"Aphunzitsi, thumba lanulo lili ndi diso."

Ndidaima.

"Tulutsani. Ikani m'dengu umo, pansi pa manachesi ofewawo."

Ndidachita monga adanenera. Iwo sadasiye kusankha. Adalankhula akuyang'ana manja awo.

"Inu munabwera kudzalankhula. Lero mumve. Tsiku lija linali la msika. Ndinali chiimire, ndikuikira munthu mbasela. Mayi wa tomato pambali panga anatsegula foni, ndinamva mawu anu. Ndinati, aphunzitsi a Yohane awo, takwezani timve nawo. Ndine ndinapempha kuti akweze."

Adaika nachesi limodzi kumanja, lina kumanzere.

"Munatchula dzina lake. Munatchula langa. Kenaka munayamba za mabokosi, kuti alipo a chitsulo chonyezimira m'mbali. Ine ndinaima phee, kudikira kuti mumalize za mabokosizo. Ndimati mukamaliza mukonza, munena kuti ndi Yohane wina. Munamaliza ndi kuthokoza Bwana. Ndinagwera pa tomato wa eni ake. Amene anandidzutsa ndi anthu ogula, osandidziwa. Wina anali kundijambula."

Pakamwa panga padatuluka mawu amene ndidakhala ndikuwanena pa mabenchi a mowa. Adatuluka aang'ono.

"Koma mayi, zinali zoona."

Apa m'pamene adandiyang'ana.

"Ndani wati munanama? Mbuzi ikafa timauza mwini wake ali chiimire. Munthu timayamba tamukhazika pansi. Timaitana wina akhale pambali pake. Inu, amene mwawerenga mbiri pamaliro a mudzi wonse, simukudziwa zimenezo?"

Ndinkadziwa. Chimene chidandithyola n'chakuti ndinkadziwa.

"Sindikukhululukirani lero," adatero. "Tengani foni yanu muzipita. Manachesi ofewawo tenganiko, sagulika."

Nditafika kunyumba ndidapeza kuti foni idajambula mdima wokhawokha, koma mawu onse a mayi aja idawagwira, omveka bwino. Tenesi adaimba. Ndidamuuza.

"Ndiye zabwino koposa, aphunzitsi. Tiika chithunzi cha Yohane, mawuwo azimveka pansi. Tumizani pompano."

Ndidakhala ndi foni m'manja nthawi yaitali. Imeneyo idali nkhani yaikulu kuposa zonse zimene ndidagwirapo, ndipo idali yoona. Ndidaifufuta. Tenesi adanditchula mayina amene sindingawabwereze m'nyumba ino. Aka kadali koyamba kuti ndiphe nkhani ndi dzanja langa, ndipo ndidakumbukira mkonzi uja ndi manyazi.

Kusiya mowa sikudachitike tsiku limenelo, ndipo aliyense wokuuzani kuti adasiya tsiku limodzi mumufunse kawiri. Ndidagwa, ndidadzuka, ndidagwanso. Chimene chidathandiza ndi zinthu wamba. Ndidasiya kudzera njira ya kumathiraki; ndikafuna kupita kumsika ndinkazungulira. Ndidapereka foni yaikulu kwa mwana wanga, n'kutenga ya mabatani. Ndidayamba kubwera pa gulu lino la olimbana ndi mowa, ndipo poyamba ndinkangokhala kumbuyo, ndikukonza mumtima Chichewa cha olankhula. Ndidapita kwa munthu uja amene ndinkamunyoza m'makanema, n'kumuuza maso ndi maso zimene ndidanena popanda umboni. Adandifunsa ngati ndikumujambula. Ndidatembenuza matumba.

Mvula itagwa n'kutha, wakabaza wina adafika pakhomo m'mawa kuti mayi Nangozo akundifuna pachipata cha chipatala. Ndidaganiza kuti pali msampha. Ndidapitabe.

Ndidawapeza atamanga chitenje m'chiuno. Mng'ono wawo adali atangomwalira.

"Achimwene a Samisoni ali kwa akazi awo, kumapiri a kwa Kanduku," adatero. "Magazi awo amathamanga. Ine sindingasiye thupi. Pitani mukawauze. Foni musiye kuno."

"Ine, mayi?"

"Inu. Mawu muli nawo. Tione ngati miyendo muli nayo."

Nditatembenuka ndidaona, kutsidya kwa msewu, munthu uja amene adalowa m'malo mwanga, atavala jekete, wina akumuimikira foni. Ndidadziwa kuti ndikupikisana ndi chinthu chosatopa pachitunda.

Kabaza adandifikitsa pamene njinga singakwerenso. Kuchokera apo ndidayenda, kudutsa minda ya mtedza, mawondo akudandaula. Njira yonse ndinkaona m'maganizo a Samisoni ali chiimire, foni ili pankhope. Ndidafika dzuwa lili paliwombo. Akazi awo, mayi Esinati, adandichingamira panjira ndisanalowe pabwalo. Maso awo adali ofiira.

"Mwabwera ndi uthenga?"

"Kodi mwamva?"

"Chatuluka pa foni m'mawa. Ndaizimitsa, ndaikwirira m'chimanga. Wayilesi ndachotsa mabatire. Aneba ndawapempha asafike. Ndakhala ndikuphika, ndikusesa, ngati palibe kanthu. Ndimadikira munthu."

A Samisoni adali kumanga khola la mbuzi. Atandiona adaseka mopanda chimwemwe.

"Aphunzitsi. Kamera mwaisiya kuti lero?"

"Ndaisiya, bambo. Ndikupempha tikhale pansi."

Adandiyang'ana, adayang'ana fumbi la kumapazi anga, n'kuika chingwe pansi. Tidakhala pamthunzi. Ndidawafunsa mmene adadzukira. Ndidafunsa za mbuzi. Mayi Esinati adabweretsa madzi, adawapatsa amuna awo mankhwala awo, n'kuitana bambo wina woyandikana nawo kuti adzakhale pambali. Ine, munthu wa mawu ambiri, ndidadikira mpaka onse atakhazikika.

"Ndatumidwa ndi mayi Nangozo," ndidatero. "Matenda a mlongo wanu wamng'ono akula."

Mbuzi idalira m'khola.

"Akula, kapena atha?"

"Atha, bambo."

Adawerama. Akazi awo adawagwira phewa lina, mnansi uja lina. Adalira ali chikhalire, ndipo padalibe amene adagwa. Patapita nthawi adapukuta nkhope n'kundifunsa kuti, "Mwakwera phiri lonseli wapansi?" Ndidati inde. Pamaliro, nthawi ya mbiri itakwana, adandiyang'ana n'kugwedeza mutu movomereza, ndipo ndidadzuka.

Mayi Nangozo mpaka lero sadanene kuti andikhululukira, ndipo sindiwaikira mawu m'kamwa. Timapatsana moni pamsika. Nthawi zina amandiikira mbasela.

Sindikunena kuti kanema aliyense ndi woipa. Ndidaonapo mlatho wakugwa ukukonzedwa chifukwa wina adaujambula. Koma ine tsopano ndimakayikira, ndipo ndikukupemphani mukayikire nane. Kanema akakufikani, funsani kuti wamutumiza ndani, ndipo akudyapo ndani. Munthu akakuuzani kuti fulumirani, a mbali inayo atidyera, dziwani kuti changu chimenecho n'chake, si chanu. Akakuyamikirani mawu, yang'anani chimene akufuna kugulitsa nawo. Ndipo ikakhala imfa, chala chisanakhudze foni, funsani funso la mkonzi uja. Mukapanda kudziwa yankho, dzina lisapite.

A Tcheyamani adandipempha kuti nditsirize ndi kutchula mtengo wa zonsezi, kuti amene akuyamba kumene adziwiretu. Ndautchula motere:

Tsamba limene ndidalimanga ndi mawu anga. Lidapita, ndipo sindikulifuna.

Jekete limodzi, la mu ngalande.

Dzino limodzi lakutsogolo, la tsiku lomwelo. N'chifukwa chake zilembo zina sizikutuluka monga kale.

Chiwindi, chimene adokotala akuti ndichisamale.

Maliro a anzanga atatu amene ndidaphunzitsa nawo, pamene ndidakhala kumbuyo wina akusokoneza mayina awo.

Mawu akuti "ndatsimikiza", amene sindingawanenenso pagulu popanda wina kuseka.

Kanema wa mu ngalande, amene adakalipo, ndipo adzukulu anga adzamuona.

Ulendo wa mwana wanga, kuchokera pamene adatsikira basi mpaka kunyumba kwake.

Zonsezi ndidalipira ine ndi a m'nyumba mwanga. Chotsiriza sindidalipire ine, ndipo palibe njira yochibwezera: mayi Nangozo adamva za imfa ya mwana wawo ali chiimire.